Betelgeuse, nyenyezi yofiira ya pafupi ndi Akamwiniatsatana: ili kutali bwanji, nanga iphulika liti?

Nkhwazi_09
Akuluakulu, ndithandizeni. Pali uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp wonena kuti nyenyezi yofiira ija ya pafupi ndi Akamwiniatsatana, imene amaitcha Betelgeuse, iphulika chaka chino ndipo usiku kudzawala ngati masana. Ena akuti inaphulika kalekale, ife tikungodikira kuti kuwala kwake kutipeze. China chondizunguza mutu ndi mtunda. Pena akulemba kuti kuwala kwake kumatenga zaka 430 kuti kufike kuno, pena 550, pena 640, pena mpaka 720. Nyenyezi yowala chonchi, yooneka ndi maso, akatswiri angalephere bwanji kugwirizana chimodzi? Komanso ikachepa kuwala, munthu ungadziwe bwanji kuti yachepadi, osati ndi mitambo chabe?

Kadzidzi_waUsiku
A Nkhwazi, uthengawo musautumize kwa munthu. Palibe katswiri wa zakuthambo amene watchulapo chaka. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti idzaphulika m'kati mwa zaka 100,000 zikubwerazi. Kuphulika idzaphulika ndithu, koma zoti chaka chino ndi zopeka.

Mayi_Fizikisi
Tisanapite patali tionetsetse kuti tonse tikunena nyenyezi imodzi, chifukwa ambiri amaisokoneza ndi Aldebaran kapena pulaneti ya Mars. Yambirani pa nyenyezi zitatu zondondozana zija za Akamwiniatsatana. Tambasulani mkono, fumbatani chibakera. Chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo. Mbali ina ya zitatuzo, pa mtunda wa chibakera chimodzi, pali nyenyezi yoyera mobiriwira, imeneyo ndi Rigel. Mbali inayo, pa mtunda ngati womwewo, pali yofiirira, imeneyo ndiye Betelgeuse. Zikamatuluka kum'mawa, Betelgeuse imakhala kumanzere kwanu, Rigel kumanja. Zikakwera pamwamba inu mutayang'ana kumpoto, Betelgeuse imakhala m'munsi chakumanja, Rigel m'mwamba chakumanzere.

Aldebaran mumaipeza potsatira mzere wa zitatuzo kulowera kumene kuli Nsangwe. Mukatsatira mzerewo kulowera mbali inayo mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku. Mars sangafike pamene pali Betelgeuse, chifukwa njira ya mapulaneti imadutsa madigiri 16 kumpoto kwake.

Tsokonombwe
Ku London si choncho mayi. Kuno yofiirayo ili m'mwamba kumanzere.

Mayi_Fizikisi
Zoona a Tsokonombwe, kumeneko mumaiona mutayang'ana kummwera, ndiye chithunzi chonse chimatembenuka. Ku London imakwera mpaka madigiri 46 okha. Ku Johannesburg imafika 56, ku Lilongwe pafupifupi 69, ku Blantyre ndi ku Lusaka 67. Malo onse a kuno kummwera mumayang'ana kumpoto.

Mlalang'amba_265
Ndiyankhe za mtundazo, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Njira yodalirika yoyezera kutalika kwa nyenyezi imatchedwa parallax. Imikani chala patsogolo panu, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo. Chalacho chimaoneka ngati chasuntha. Chikakhala kutali chimasuntha pang'ono. Dziko likakhala mbali imodzi ya dzuwa mu January ndi mbali inayo mu July, nyenyezi nayo imaoneka kuti yasuntha pang'ono poyerekeza ndi zakutali kwambiri. Kusunthako kumayezedwa mu milliarcsecond. Digiri imodzi ili ndi ma arcsecond 3,600, ndipo arcsecond imodzi ili ndi ma milliarcsecond 1,000. Mukatenga 3,262 n'kugawa ndi parallax, mumapeza zaka zimene kuwala kumatenga kuti kufike kuno.

Tsopano onani kumene manambala anu aja achokera. Setilaiti ya Hipparcos mu 1997 inapereka parallax ya ma milliarcsecond 7.63, ndiye zaka 427. Mu 2007 Floor van Leeuwen anawerengeranso zimene setilaiti yomweyo inasonkhanitsa n'kupeza 6.55, ndiye zaka pafupifupi 500. Mu 2008 Graham Harper ndi anzake anaphatikizapo miyezo ya matelesikopu a mafunde a wailesi n'kupeza 5.07, zaka 643. Mu 2017 gulu la Harper lomwelo, litawonjezera miyezo ya ALMA, matelesikopu a mafunde a wailesi a ku Chile, linapeza 4.51, zaka 724. Mu 2020 Meridith Joyce ndi anzake anadzera njira ina, yoyang'ana mmene nyenyeziyi imafufumira ndi kuphwera, n'kupeza zaka pafupifupi 548.

Chimene chimavuta n'chakuti nyenyeziyo payokha ndi yotambalala kuposa kusuntha kumene tikufuna kuyeza. M'mimba mwake, monga imaonekera kuchokera kuno, ndi ma milliarcsecond pakati pa 42 ndi 50, pamene parallax ndi 5 kapena 6 basi. Ikanakhala yosalala bwenzi tikungoyeza pakati pake. Koma nkhope yake imabwata. Mpweya wotentha umakwera kuchokera m'kati m'zigawo zikuluzikulu zochepa chabe, chigawo china chimawala kwambiri miyezi ingapo kenako n'kuzirala, china n'kutulukira mbali ina. Chipangizo chimatsatira pamene pakuwala kwambiri, ndiye chimene chikuoneka ngati pakati pa nyenyezi chimayendayenda chokha. Kuyendayenda kumeneko kumasakanikirana ndi parallax.

Nkhwazi_09
Nanga setilaiti ya Gaia ija, imene akuti inayeza nyenyezi zoposa biliyoni imodzi?

Mlalang'amba_265
Gaia, imene inaulutsidwa mu 2013, inapangidwira nyenyezi zosawala kwambiri. Betelgeuse inkadzaza makamera ake mpaka kusefukira, ndiye malo ake enieni sankawerengeka. Ndiponso vuto la nkhope yobwata lija Gaia sakanalithawa.

Chiwombankhanga
Ine sindikugwirizana ndi mmene aliyense wathamangira pa 548 ngati kuti nkhani inatha mu 2020. Nambala imeneyo si yoyeza mwachindunji. Anatenga nthawi ya kugunda kwa nyenyeziyo, kufufuma ndi kuphwera kuja, masiku pafupifupi 400 ndi ina ya masiku 185, n'kufunsa kompyuta kuti ndi nyenyezi yaikulu bwanji imene ingagunde chonchi. Kompyuta inati m'mimba mwake n'kuwirikiza ka 764 m'mimba mwa dzuwa. Kenako anayerekeza ndi kukula kumene kumaoneka kuthambo n'kupeza mtunda. Ngati analakwitsa posankha kuti kugunda kwenikweni ndi kuti, zonse zotsatirazo zagwa. 724 ija ndi yoyeza malo, si ya kompyuta.

Mlalang'amba_265
Achimwene, mfundo yanu ndi yomveka, koma 724 nayo si yoyera mmene mukuionera. Inatuluka pophatikiza miyezo ya Hipparcos, imene ili ndi vuto la nkhope lija, ndi miyezo ya wailesi yochepa chabe. Eni ake analemba kuti ikhoza kutsika kufika cha m'ma 610 kapena kukwera mpaka cha m'ma 880. Ya Joyce ikhoza kukwera kufika cha m'ma 640. Mukaika ziwirizi pamodzi zimakumana pakati. Munthu akanena kuti pakati pa 500 ndi 700 sananame.

Chiwombankhanga
Pamenepo tagwirizana. Chomwe ndikukana ndi kulemba 548 ngati kuti 8 wakumapetoyo tikumudziwa.

Gogo_Nthanda
Ana inu, mkangano wa mtundawu si wa manambala chabe, chifukwa kukula ndi kuwala zonse zapachikika pomwepo. Ndikuonetseni.

Kukula kumene kumaoneka kuthambo tinakudziwa kalekale. Mu December 1920, Albert Michelson ndi Francis Pease anamangirira chitsulo cha mamita 6 chokhala ndi magalasi pamwamba pa telesikopu ya mainchesi 100 ya pa Mount Wilson ku California, n'kupeza ma arcsecond 0.047. Inali nyenyezi yoyamba, kupatula dzuwa, kuyezedwa m'mimba mwake. Kuti mumve kuchepa kwake, zili ngati munthu ali ku Lilongwe n'kumayeza dzira la nkhuku limene lili ku Blantyre.

Kukula kwenikweni ndi kukula kooneka kuchulukitsa ndi mtunda. Mukatenga zaka 548, kuchokera pakati kufika kunja ndi makilomita pafupifupi 530 miliyoni. Dziko lathu lili makilomita 150 miliyoni kuchokera ku dzuwa, Mars 228 miliyoni, Jupiter 778 miliyoni. Ndiye mutaiika pamalo pa dzuwa ingameze Mercury, Venus, dziko ndi Mars, koma Jupiter angatsale kunja. Mukatenga 724, kukulako kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa atatu, kufika pafupifupi 700 miliyoni, n'kuyandikira Jupiter. N'chifukwa chake zithunzi zina zimaonetsa ikufika kwa Jupiter, zina ayi.

Kuwala nako kumawerengeka pamanja. Kunja kwake kumatentha madigiri pafupifupi 3,600 pa sikelo ya Kelvin, dzuwa 5,772. Gawani 3,600 ndi 5,772, mupeza 0.62. Chulukitsani nambalayo yokhayokha kanayi, mupeza 0.15. Kutanthauza kuti kachigawo kalikonse ka nkhope yake kamatulutsa mphamvu yosafika gawo limodzi mwa 6 a kachigawo kofanana nako ka dzuwa. Koma nkhopeyo ndi yaikulu kuwirikiza 764 kuchulukitsa 764, ndiye pafupifupi 584,000. Chulukitsani ndi 0.15, mupeza cha m'ma 88,000. Imawala kuposa dzuwa ka 88,000 chifukwa cha kukula, osati kutentha. Mukaiika pa 724, nambalayo imakwera kufika cha m'ma 150,000.

Kalulu_Jozi
Agogo, chinthu chachikulu chonchi kulemera kwake ndiye kosaneneka eti?

Gogo_Nthanda
Ayi mwanawe, apa ndi pamene ambiri amadabwa. Imalemera kuwirikiza ka 16 mpaka 19 kokha kulemera kwa dzuwa. M'kati mwake mungalowe madzuwa oposa 400 miliyoni, koma zinthu zimene zilimo n'zokwana madzuwa osafika 20. Mukagawa kulemera ndi kukula, mupeza kuti ndi yopepuka kuposa mpweya umene tikupumawu ka 20,000. Zolemera zonse zaunjikana pakatikati. Kunjaku ndi mpweya wotayana kwambiri, moti pamene nyenyezi yathera sipadziwika bwino. Mukaiyeza ndi kuwala kofiira imaoneka kukula kwina, ndi infrared (kuwala kosaoneka ndi maso, kopitirira kofiira) kwina, ndi mafunde a wailesi kwina.

Kadzidzi_waUsiku
Ndionjezere kuti maso athu amaona kachigawo kochepa ka mphamvu yakeyo, pafupifupi 13 pa 100. Yambiri imatuluka mu infrared. Pa kuwala kwa infrared kwapafupi, Betelgeuse imaposa Sirius.

Nsangwe_77
Tibwerere ku funso la kuchepa kuwala. Izi zinachitikadi, ndipo mauthenga ambiri amene akuzungulirawa anabadwa nthawi imeneyo.

Kuwala kwa nyenyezi kumayezedwa mu magnitude. Nambala ikakula ndiye kuti nyenyezi ndi yosawala. Kusiyana kwa magnitude imodzi ndi kuwirikiza ka 2.5, kusiyana kwa 5 ndi kuwirikiza ka 100. Betelgeuse nthawi zambiri imakhala cha pa 0.5, kukwera ndi kutsika pang'ono. Izi si zachilendo, John Herschel anaziona mu 1836 ali ku Cape, ku South Africa. Koma kuyambira October 2019 inayamba kutsika mosalekeza, ndipo pofika pakati pa February 2020 inali pa 1.6, mofanana ndi Bellatrix, nyenyezi yoyandikana nayo chakumadzulo. Kutsika kwa 1.1 ndi kuwirikiza ka 2.75, ndiye kuwala kunatsala kochepera 40 pa 100. Pofika April inali itabwerera mwakale.

Chinachititsa ndi fumbi. Telesikopu ya Hubble inaona mpweya wotentha kwambiri ukutuluka kummwera kwa nyenyeziyo pakati pa September ndi November 2019, malinga ndi zimene Andrea Dupree ndi anzake anafalitsa. Nthawi yomweyo chigawo china cha nkhope yake chinazizira. Mpweya wotayidwa uja utasowa kutentha kochokera pansi pake unaundana n'kukhala fumbi, n'kutchinga kuwala kolowera kuno. Zithunzi za Very Large Telescope ya ku Chile, zimene Miguel Montargès ndi gulu lake anajambula, zikuonetsa theka lakummwera lili bii, lakumpoto likuwala. Emily Levesque ndi Philip Massey anayeza kutentha mu February momwemo n'kupeza kuti kunatsika pang'ono chabe, kosakwanira kufotokoza mdima wonsewo. Ngakhale setilaiti ya zanyengo ya ku Japan, Himawari-8, inaigwira m'mphepete mwa zithunzi zake za dziko, ndipo miyezo yake inasonyeza zonse ziwiri, kuzizira ndi fumbi.

Chinatsalira ndi chakuti kugunda kwake kunasokonekera. M'malo mwa masiku 400, kwa zaka zingapo inkagunda pa masiku pafupifupi 200, ndipo mu 2023 inawala kwambiri mpaka kuyandikira 0.0. Pamenepo mauthenga anayambiranso, ulendo uno akuti iphulika chifukwa yawala.

Chiwombankhanga
Ikada akuti iphulika, ikawala akuti iphulika. Zonse ziwirizi zikuchitika pakhungu, osati m'kati.

Mayi_Fizikisi
Eya, ndipo m'kati ndi mmene muli wotchi yeniyeni. Nyenyeziyi ili ndi zaka pakati pa 8 ndi 10 miliyoni zokha, pamene dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni. Yakalamba msanga chifukwa nyenyezi yolemera imapanikizika kwambiri pakati, imatentha kwambiri, n'kumaliza haidirojeni wake mofulumira. Wa pakatikati anatha. Ambiri amawerengera kuti panopa ikusandutsa hiliyamu kukhala kaboni ndi okosijeni, ntchito imene imatenga zaka mazana a masauzande. Ikadzatha imeneyo idzayamba kuwotcha kaboni, zaka mazana angapo kapena chikwi. Kenako neon, chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono. Okosijeni, miyezi. Silikoni, masiku owerengeka. Mapeto ake ndi ayironi. Ayironi satulutsa mphamvu akaphatikizana, m'malo mwake amadya mphamvu. Pakatikati pakasowa chochirikiza pamagwera m'kati pasanathe sekondi imodzi, n'kusanduka neutron star, kampira kolemera koopsa ka makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, zakunja zonse n'kutayidwa. Imeneyo ndiye supernova.

Kutentha kochokera pakatikati kumatenga nthawi yaitali kwambiri kuti kufike kunja, ndiye magawo omalizawa amatha kuyamba ndi kutha nkhope isanasinthe n'komwe. N'chifukwa chake kuyang'ana kunja sikungakuuzeni chaka.

Kalulu_Jozi
Koma mayi, mu 2023 kunatuluka kafukufuku wonena kuti kwatsala zaka makumi ochepa. Ameneyonso ndi wabodza?

Mayi_Fizikisi
Si wabodza, ndi kafukufuku weniweni wa Hideyuki Saio ndi anzake. Betelgeuse ili ndi kusintha kwina kwapang'onopang'ono kwa masiku pafupifupi 2,100, zaka pafupifupi 6. Iwo anati kumeneku ndiye kugunda kwenikweni kwa nyenyezi yonse. Zikakhala choncho nyenyeziyo iyenera kukhala yaikulu kuposa madzuwa 1,200 m'mimba mwake, ndipo ili kumapeto kowotcha kaboni. László Molnár, Joyce ndi Shing-Chi Leung anatsutsa kuti kukula kumeneko sikugwirizana ndi kumene timayeza kuthambo. Kenako mu 2024 magulu awiri osiyana, lina la Jared Goldberg lina la Morgan MacLeod, anaonetsa kuti masiku 2,100 aja amafotokozeka bwino ngati pali kanyenyezi kena kozungulira Betelgeuse pafupi kwambiri, kamene kamasokoneza fumbi m'njira yake. Mu 2025 Steve Howell ndi anzake analengeza kuti akaona kanthuko ndi telesikopu ya Gemini North ku Hawaii, pamalo pomwe pankayembekezeka. Anakatcha Siwarha. Ngati masiku 2,100 ndi a mnzakeyo, mfundo ya Saio yataya mwendo umene inaimirapo.

Chiwombankhanga
Tisafulumirenso apa. Chizindikiro cha pa chithunzi cha Gemini ndi chofooka kwambiri, pafupi ndi nyenyezi yochititsa khungu. Eni ake ananena kuti kadzatalikirananso bwino ndi Betelgeuse mu November 2027. Kakadzaoneka nthawi imeneyo mbali imene masamu akunena, ndiye tidzati zatsimikizika.

Mlalang'amba_265
Za "inaphulika kale" zija, masamu ake ndi achidule. Tikuiona mmene inalili zaka pafupifupi 550 zapitazo. Ngati kuphulikako kungagwe nthawi ina iliyonse m'zaka 100,000, mwayi woti kunagwa m'zaka 550 zimenezo ndi 550 kugawa ndi 100,000, pafupifupi 1 pa 180. N'zotheka, koma si chinthu choti munthu n'kulengeza.

Tsokonombwe
Nanga ikadzaphulika tidzapsa? Funso limene agogo kumudzi akufunsa ndi limeneli.

Gogo_Nthanda
Auzeni agogo anzangawo kuti agone tulo. Supernova imaopsa ikakhala pafupi, pa mtunda wa zaka makumi ochepa a ulendo wa kuwala, chifukwa cheza chake chingawononge ozoni, mpweya wa m'mwamba umene umatiteteza ku cheza cha dzuwa. Betelgeuse ili kutali kuwirikiza kakhumi kapena kuposa. Mphamvu ya cheza imachepa ndi mtunda kuchulukitsa mtunda, ndiye kutali kakhumi ndi kufooka ka 100.

Zoti usiku udzakhala masana nazonso ayi. Idzawala ngati mwezi woduka pakati, mwina kuyandikira wathunthu, kwa miyezi ingapo. Dzuwa limaposa mwezi wathunthu ka 400,000. Chosiyana n'chakuti kuwala konseko kudzachokera pa kadontho kamodzi, kooneka ndi masana omwe, ndipo usiku zinthu zidzakhala ndi zithunzithunzi. Kenako idzazirala pang'onopang'ono mpaka kusowa kumaso. Zofanana nazo zinachitikapo. Mu 1054 akatswiri a ku China analemba za nyenyezi yatsopano imene inaoneka masana kwa masiku 23, ndipo zotsalira zake ndi mtambo wa mpweya wotchedwa Crab Nebula, chakumpoto kwa Betelgeuse komweko, pa mtunda wa zaka 6,500. Supernova yomaliza kuoneka ndi maso mu mlalang'amba wathu inali ya 1604.

Nsangwe_77
Ndipo chenjezo silidzabwera pa WhatsApp, lidzachokera pansi pa nthaka. Pafupifupi 99 pa 100 ya mphamvu ya kugwako imatuluka ngati ma neutrino, tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri timene timadutsa m'nyenyezi mosatchingidwa. Kuwala kumadikira kuti funde la kuphulika liboole kunja. Pa supernova ya 23 February 1987, ya mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, zipangizo zitatu, Kamiokande ku Japan, IMB ku America ndi Baksan ku Soviet Union, zinagwira ma neutrino oposa 20 pang'ono maola awiri kapena atatu kuwala kusanaoneke. Nyenyezi imeneyo inali yaing'ono poyerekeza ndi iyi. Kwa Betelgeuse fundelo lili ndi ulendo wa makilomita oposa 500 miliyoni, ndiye mpata ukhoza kukwana tsiku lathunthu. Zipangizo za masiku ano zinalumikizidwa pa ndondomeko yotchedwa SNEWS kuti zichenjeze matelesikopu.

Kalulu_Jozi
Pepani ndipatuke pang'ono. Mu June ndi July kumakhala nyenyezi ina yofiira paliwombo penipeni madzulo. Si yomweyi?

Kadzidzi_waUsiku
Imeneyo ndi Antares, ya m'gulu la Chinkhanira. Nayo ndi chimphona chofiira, mtunda wake cha m'ma zaka 550, magnitude pafupifupi 1.0. Ili mbali ina ya thambo, ndiye ikakhala pamwamba Betelgeuse ili pansi. Mu June Betelgeuse imakhala mbali imene kuli dzuwa, sioneka. Imasowa madzulo cha mu May, n'kutulukiranso kum'mawa mbandakucha chakumapeto kwa July.

Nkhwazi_09
Zikomo nonse. Latsala funso langa lomaliza lija. Popanda telesikopu, munthu angayeze yekha?

Nsangwe_77
Angayeze, ndipo pa nyenyezi yowala chonchi maso amaposa kamera ya foni. Chitani izi.

Loweza kaye nyenyezi zoyerekezera ndi manambala ake: Rigel 0.1, Procyon 0.4, Aldebaran 0.9, Pollux 1.1, Bellatrix 1.6. Procyon mumaipeza chifukwa iyo, Sirius ndi Betelgeuse zimapanga katatu ka mbali zofanana. Sankhani ziwiri, ina yowala kuposa Betelgeuse, ina yochepera. Nthawi zambiri ndi Procyon ndi Aldebaran. Mpata wake ndi 0.5, ndiye ugaweni m'masitepe asanu m'mutu mwanu. Yang'anani Procyon, kenako Betelgeuse, kenako Aldebaran, n'kubwerera, iliyonse kamphindi kochepa. Mukaona kuti yatsika masitepe awiri kuchokera pa Procyon ndipo kwatsala atatu kufika pa Aldebaran, lembani 0.6.

Zimene zimasokoneza ndi izi. Mukaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, nyenyezi yofiira imaoneka ngati ikuwonjezera kuwala, ndiye muzingoiponyera diso n'kuchoka. Muziiyang'ana molunjika, chifukwa m'mphepete mwa diso simumva bwino zofiira ndipo mungaichepetse. Mwezi ukakhala wowala, zofiira zimaoneka zowala kuposa zoyera, ndiye lembani kuti kunali mwezi. Chachikulu kwambiri ndi kutalika kuchokera pansi. Mpweya umadya pafupifupi 0.2 nyenyezi ikakhala paliwombo kunja kuli koyera. Pa madigiri 30 kuwala kumadutsa mpweya wowirikiza kawiri, pa madigiri 20 pafupifupi katatu. Betelgeuse ikakhala pa zibakera zisanu ndi chimodzi koma yoyerekezerayo pa ziwiri, mwalakwitsa kale ndi 0.3 kapena kuposa. Zonse zitatu zikhale pamwamba pa zibakera zitatu kapena zinayi, ndipo zisasiyane kwambiri.

Lembani tsiku, nthawi, nambala mwapezayo ndi nyenyezi zimene mwayerekezera. Nthawi ilembedwe mu UT, kutanthauza nthawi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa kuchotsa maola 2. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Osayang'ana zimene ena apeza musanalembe zanu, mtima umatsatira nambala imene wamva. Bungwe la ku America loona za nyenyezi zosinthasintha kuwala, AAVSO, limene linayamba mu 1911, limalandira miyezo ya maso yotereyi pa intaneti.

Chiwombankhanga
Rigel ndikanaichotsa pa mndandandawo. Ndi yoyera mobiriwira, yotentha madigiri cha m'ma 12,000, ndipo kuyerekeza mitundu iwiri yosiyana chonchi anthu awiri amasiyana ndi 0.3 mosavuta. Nayonso imasinthasintha pang'ono.

Nsangwe_77
N'zoona a Chiwombankhanga, koma ikawala kuposa Procyon monga inachitira mu 2023 mugwira iti? Capella ili pa 0.1 ndipo mtundu wake ndi wachikasu, wabwinoko, koma kuno kummwera imakhala m'munsi, ku Lilongwe sipitirira madigiri 30. A ku London agwiritse ntchito Capella. Ife Rigel sitingaithawe, bola kulemba kuti ndi imene tayerekezera.

Mayi_Fizikisi
Za nyengo. Madzulo imakhala pabwino kuyambira December mpaka March, ndipo kumayambiriro kwa February imafika pamwamba penipeni cha m'ma 9 koloko usiku. Imeneyo ndi nthawi ya dzinja, mitambo ndi yambiri, koma mvula ikangokata thambo limayera kuposa nthawi ina iliyonse chifukwa fumbi latsukidwa. Chenjerani ndi timitambo topyapyala tosaoneka usiku. Musanayeze, onani ngati nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana zikuwala mofanana ndi mmene zimakhalira, ndiponso ngati Procyon ikuposa Aldebaran monga mwa nthawi zonse. Zikasemphana, siyani, bwerani patatha mphindi 20.

August mpaka October mumaiona mbandakucha. Kulibe mitambo, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadya kuwala kwambiri, makamaka m'munsi, ndipo nyenyezi zonse zimafiirirako. Miyezi imeneyo dikirani mpaka ikwere bwino. Magetsi a m'tauni savuta kwenikweni pa nyenyezi zowala chonchi, bola babu lisakhale kumaso kwanu.

Tsokonombwe
Foni ndiye yosathandiza konse?

Kadzidzi_waUsiku
Pojambula mtundu imathandiza, poyeza kuwala ayi. Kadontho ka nyenyeziyo kamadzaza ma pixel (timadontho ta chithunzi) ake mpaka pamapeto, ndiye 0.3 ndi 0.9 zimatuluka zoyera mofanana, komanso pulogalamu ya usiku imakonza chithunzi mwa iyo yokha. Amene ali ndi kamera yotha kusunga RAW (zithunzi zosakonzedwa ndi kamera) achite chonchi: ikani pa katatu koimikira, lenzi yotambalala yoti Betelgeuse, Bellatrix ndi Aldebaran zilowe chithunzi chimodzi, ISO 100 kapena 200, masekondi 5 mpaka 10. Sokonezani dala focus kuti nyenyezi iliyonse ikhale kabwalo kotambalala, kuwala kumwazike pa ma pixel ambiri, ndipo onetsetsani kuti palibe pixel yafika pamapeto. Jambulani zithunzi 10 zotsatizana kuti kuphethira kwa nyenyezi kufafanizike mukatenga pakati pake. Poyeza gwiritsani ntchito gawo lobiriwira lokha la chithunzicho, chifukwa ndi limene limayandikira magnitude ya maso. Betelgeuse muiyerekeze ndi Aldebaran, popeza mitundu yake ndi yoyandikana, ndipo Bellatrix ikhale yotsimikizira kuti usikuwo kunalibe kamtambo.